Kholo likamwalira lili pa ukwati wongolowana, ana amalandira chiyani?

Azakhali a ana
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yatiimitsa mitu pabanja pathu. Achimwene anga anamwalira mwadzidzidzi ndipo sanasiye wilu. M'moyo mwawo sanamangepo ukwati wa mtundu uliwonse. Asiya ana awiri kwa mayi woyamba, wamkulu wa zaka 20, womutsatira wa zaka 15. Kwa zaka 6 zapitazi amakhala nyumba imodzi ndi mayi wina amene anabereka naye mwana, pano ali ndi zaka zitatu. Nyumba ili m'dzina la achimwene okha. Palinso galimoto, ndalama za kubanki ndi penshoni ya kuntchito. Bambo athu akuti mayiyo alongedze zake azipita poti sanali mkazi wodziwika. Ana aakulu aja ali ndi mantha kuti mayiyo atenga zonse chifukwa makiyi ndi mapepala ali nazo ndiye. Mayiyo naye akungolira kuti kamwana kake katayidwa popeza pa satifiketi yobadwira sanalembepo dzina la bambo. Ndithandizeni: ana atatuwa ali ndi ufulu wanji, ndipo kusakwatirana kwa makolo awo kukusintha chiyani?

Bambo wa ana anayi
Pepani kwambiri achemwali, Mulungu akutonthozeni. Mmene ndikuonera ine, chuma ndi cha ana basi. Mayiyo analowa m'nyumba popanda chomangira, ndiye sangawerengedwe. Za kamwanako, abweretse umboni kaye kuti n'ka malemu, kenako kalandire nawo.

Wophunzira Malamulo
Pepani azakhali. Tisanapite patali, simunatchule dziko limene malemu amakhala ndi kumene kuli nyumbayo, ndipo pa nkhani za chuma cha masiye lamulo la dziko ndiye limagamula. Nyumba ndi malo kawirikawiri zimatsata lamulo la dziko limene zili. Komabe pali mfundo imodzi imene mayiko ambiri anagwirizana kale, ndipo ndikufuna muigwiritsitse chifukwa pa nkhani yanu zambiri zikutsamira pa iyo: mwana amalandira chuma chifukwa ndi mwana wa malemu. Zoti makolo ake anakwatirana kapena ayi si zake.

Mfundoyi sinabwere yokha, anthu anaimenyera m'makhoti. Ku America kunali mlandu wa Trimble ndi Gordon mu 1977. Sherman Gordon amakhala ndi Jessie Trimble ku Chicago osakwatirana, ndipo anali ndi mwana wamkazi. Gordon ataphedwa mu 1974 anangosiya galimoto imodzi. Lamulo la ku Illinois nthawi imeneyo limati mwana wobadwira kunja kwa ukwati angalandire chuma cha amayi ake okha, cha bambo ayi, ndiye galimotoyo imapita kwa makolo ndi abale a malemu. Khoti lalikulu la dzikolo linati lamulolo ndi la tsankho. Patangopita zaka ziwiri, mu 1979, khoti la za ufulu wa anthu la ku Ulaya linagamula mlandu wa Paula Marckx wa ku Belgium, mayi wosakwatiwa amene anachita kulembetsa mwana wobereka yekha ngati womulera kuti ufulu wa mwanayo uwonjezereke. Belgium inapezeka yolakwa.

Kuno ku Africa, malamulo oyendetsera dziko la Malawi pa gawo 23 amati ana onse ayenera kutengedwa mofanana pamaso pa lamulo posatengera mmene anabadwira, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 linatsatira zomwezo. La ku Zambia la 1989 nalo limawerengera mwana wobadwira m'banja ndi wa kunja mofanana. Ndiye ana atatu onsewo ali pa mzere umodzi. Funso la mayi wotsalayo ndi lina, lili ndi yankho lakelake, ndipo tisalisakanize ndi la ana.

Mwana Wachisamba
Zimene achimwene anena n'zoona papepala, koma ine ndilankhule m'malo mwa ana aakuluwo chifukwa ndinadutsamo. Bambo anga atamwalira, mayi amene amakhala nawo anali ndi khadi la kubanki ndi nambala yake yachinsinsi. Ife tili pa chisoni, ndalama zimatuluka pang'onopang'ono. Pamene timakayamba za mapepala, galimoto inali itagulitsidwa kale, akaunti ili mbee. Khoti linati tili ndi ufulu, inde, koma ufulu pa chinthu chimene kulibe ukuthandiza chiyani? Azakhali, mantha a ana awiriwo musawapeputse. Sabata ino yomwe dziwitsani banki kuti mwini akaunti wamwalira, itsekedwe. Mukhale pansi mbali zonse, mulembe chilichonse chimene malemu asiya, mujambule zithunzi, aliyense asaine ndipo atenge pepala lake. Mapepala a nyumba ndi a galimoto asungidwe pamalo oti munthu mmodzi sangawatenge payekha.

Mayi wa mapasa
Achimwene a Wachisamba, ndamva kuwawa kwanu ndipo za kulemba katundu ndikugwirizana nazo. Koma ine ndili mbali inayo. Bambo wa ana anga atamwalira, abale ake anasintha maloko ana anga ali ndi zaka zinayi. Palibe anakana kuti anawo ndi ake, amafanana naye ngakhale kayendedwe. Amangoti ana ndi athu, koma iwe si wathu. Ndiye ndifunse gulu lino: mukatulutsa mayi m'nyumba, mwana wa zaka zitatu akagona kuti? Atsala yekha m'nyumbamo? Atsatira amake kumene akupitako. Ndiye kuti mwachotsa mwini chuma m'nyumba yake yomwe, kwinaku mukunena kuti mukuteteza chuma cha ana. Ine ndinasamuka nawo, sukulu inasokonekera, ndipo nyumba imene inali yawo munalowa anthu ena kwa zaka zambiri.

Sindikuti mayiyo apatsidwe zonse. Ndikuti ufulu wa mwana wamng'ono umadutsa m'manja mwa munthu amene akumusambitsa ndi kumugoneka, ndipo simungaulekanitse ndi munthuyo.

Mphunzitsi Wopuma
Ana anga, ndawerenga zonse. Ine funso langa lili pa agogo aja, bambo ake a malemu. Ndine kholo, ndipo ndikudziwa kupweteka koika mwana wako m'manda. Koma kodi iwo ali ndi mphamvu yotulutsa munthu m'nyumba? Nanga ali ndi gawo pa chumacho?

Wophunzira Malamulo
Bambo, mphamvu yotulutsa munthu alibe. Munthu akamwalira wopanda wilu, chuma chake sichikhala cha wachibale amene ali ndi mawu aakulu. Chimadikira kuti khoti kapena ofesi yoona za masiye isankhe woyang'anira ndi kumupatsa chikalata. Asanatero, aliyense wogulitsa, kugawa kapena kulanda akuphwanya lamulo. Ku Malawi lamulo la 2011 linaika kulanda chuma cha masiye kukhala mlandu woti munthu angamangidwe nawo.

Mlandu wofanana kwambiri ndi wa azakhaliwu ndi wa Bhe ku South Africa. Nontupheko Bhe amakhala ndi bambo wa ana ake aakazi awiri ku Khayelitsha. Bamboyo atamwalira mu 2002 wopanda wilu, bambo ake ndi amene anaikidwa kukhala wolandira chuma, ndipo amafuna kugulitsa malowo kuti alipire zimene zinawonongedwa pa maliro. Ana ndi amawo akanatsala panja. Panali mkangano woti awiriwa anali okwatirana kapena ayi, koma mu 2004 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti atsikana awiriwo ndiwo olandira chuma cha bambo awo, ndipo linathetsa lamulo lopatsa chuma mwamuna wamkulu yekha pabanja.

Za gawo la makolo zimasiyana. Ku Zambia lamulo limagawa motere: maperesenti 50 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wa malemu, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene amadalira malemu. Ku England ndi Wales, munthu wosakwatira akamwalira wopanda wilu koma ali ndi ana, ana amatenga zonse mofanana, makolo salandira kanthu. Kumadera ena kholo limalandira ngati limadalira malemu pa moyo wake.

Mphunzitsi Wopuma
Zikomo mwana wanga. Azakhali, bambo anuwo muwalankhule mwaulemu koma mosabisa. Nthawi zambiri munthu wachikulire akamalimbikira nyumba, pansi pake pamakhala mantha oti amene amandithandiza wapita, ndisamala ndi ndani. Mukawafotokozera kuti ngati amadalira malemu pali njira yoti aganiziridwe, mwina mtima ukhala pansi.

Azakhali a ana
Zikomo nonse. Bambo, mwakhudza penipeni, achimwene ndiwo amawalipirira za kuchipatala. Chimene chikundivutabe ndi kamwana kaja. Tonse timadziwa kuti ndi ka achimwene, amakanyamula pamaso pathu. Koma popanda dzina lawo pa satifiketi, khoti livomera?

Mlangizi wa mabanja
Amayi, apa ndi pamene ana ambiri obadwira kunja kwa ukwati amagwera, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Mkazi wokwatiwa akabereka, malamulo a mayiko ambiri amangotenga kuti mwamuna wake ndiye bambo wa mwanayo, popanda kufunsa umboni. Mwana wa mayi wosakwatiwa alibe chitetezo chimenecho. Ufulu ali nawo wofanana ndi anzake, koma ayenera kuyamba waonetsa kuti malemu anali bambo ake, ndipo munthu amene akanavomera ndi pakamwa pake ndi amene wamwalirayo.

Makhoti amalola mayiko kuika malire pa umboniwu. Chaka chimodzi chokha chitadutsa mlandu wa Trimble uja, mu 1978, khoti lomwelo la ku America pa mlandu wa Lalli linavomereza lamulo la ku New York loti mwana wotere alandire pokhapokha ngati khoti linatsimikiza za ubambo bamboyo akadali moyo. Mwana wa pa mlanduwo analephera, ngakhale panali anthu ochitira umboni kuti malemu amamutchula mwana wake. Masiku ano malo ambiri anafewetsa chifukwa cha DNA, koma phunziro lilipobe kwa abambo amene muli pagulu pano: lembetsani dzina lanu pa satifiketi ya mwana mukadali ndi mpweya.

Pa nkhani yanuyi, sonkhanitsani chilichonse chosonyeza kuti malemu amamutenga ngati mwana wawo. Buku la kuchipatala limene analembapo dzina la bambo, mafomu a inshulansi ya zaumoyo kuntchito, malisiti a sukulu ya mkaka, mauthenga a pafoni, ndalama zimene amatumiza. Umboni wolumbira wa inuyo, mlongo wake wa malemu, ndi wolemera kwambiri chifukwa simukupindula nawo kanthu. Ngati wina akukanabe, DNA imatheka ngakhale bambo atamwalira. Amayeza mwanayo pamodzi ndi agogo ake, kapena ndi abale ake a bambo mmodzi. Nthawi zina chipatala chimakhala chinasunga magazi kapena kanyama ka malemu kuchokera pamene amadwala, ndipo khoti likhoza kulamula kuti ziyezedwe.

Mtsikana wa Chitatu
Ine za DNA zimandiwawa. Mwana amene bambo ake amamukonda poyera, lero ayezedwe magazi ngati wakuba? Akadzakula n'kumva kuti abale ake anamukayikira, adzamva bwanji?

Mlangizi wa mabanja
Achemwali, nkhawa yanu ndi yomveka, ndipo ngati banja lonse likuvomera palibe chifukwa choyezera. Umboni wolumbira ukwanira malo ambiri. Koma pakakhala munthu mmodzi yekha wonong'ona, ine ndimalangiza kuti ziyezedwe pano, mwana akadali wosazindikira. Manong'onong'o osayankhidwa amakula limodzi ndi mwana, ndipo amadzatulukira tsiku logawa nyumba ali ndi zaka 18, pamene agogo oti ayezedwe nawo mwina kulibenso.

Wa Inshulansi
Ndilowepo pa penshoni chifukwa ndi ntchito yanga. Anthu ambiri amaganiza kuti penshoni ndi inshulansi ya moyo zimalowa mumphika umodzi ndi nyumba ndi galimoto. Nthawi zambiri sizitero. Zimatsata fomu imene munthu anadzaza yotchula olandira, komanso malamulo a thumba la penshonilo. Vuto limene ndimaliona mobwerezabwereza ndi fomu yakale. Munthu anaidzaza tsiku loyamba ntchito ali mnyamata, analemba amayi ake kapena chibwenzi cha nthawi imeneyo, ana anabadwa pambuyo pake ndipo sanabwererenso kukasintha. Kwa achimwene a azakhaliwa n'kutheka kuti pa fomu pali ana awiri aakulu okha, kapena mayi watsopanoyo yekha.

Mayiko ena anaona vutoli. Ku South Africa, gawo 37C la lamulo la penshoni limalamula oyang'anira thumba kuti afufuze onse amene amadalira malemu ndi kugawa mwachilungamo, ndipo fomu ija imangokhala chowaunikira. Kumeneko mwana amene sanalembedwe amathabe kulandira, chimodzimodzi bwenzi limene limadalira malemu. Kwina fomu ndi imene imalamula basi. Chochita n'chakuti mulembere kalata abwana a kuntchito ndi a thumba la penshoni msanga, mutchule ana onse atatu ndi zaka zawo, ndalama zisanatuluke. Zikatuluka kupita kwa munthu mmodzi, kuzibweza ndi nkhondo.

Bambo wa ana anayi
Ndamva za ana, ndavomera. Koma mwazemba funso la mayi uja. Ine ndinati alibe gawo. Ndalakwa kapena ndalondola?

Wophunzira Malamulo
Bambo, zitengera dziko, ndipo apa mayiko ndi osiyana kwambiri kuposa pa nkhani ya ana.

Ku England ndi Wales mwalondola pang'ono: bwenzi lokhala nalo m'nyumba sililandira kanthu palokha, kaya mwakhala zaka 30. Koma lamulo la 1975 limalola munthu amene anakhala ndi malemu ngati banja kwa zaka ziwiri zomalizira kukapempha khoti kuti limupatse zomuthandiza pa moyo, ndipo ayenera kutero pasanathe miyezi 6 chitulukire chikalata choyang'anira chuma. Ku France bwenzi lotere limatengedwa ngati mlendo, ndipo ngakhale litalembedwa mu wilu, msonkho wake ndi maperesenti 60.

Kwina mwalakwitsa. Ku New Zealand anthu amene akhala limodzi zaka zitatu amatengedwa pafupifupi ngati okwatirana pa nkhani ya katundu. Ku Malawi lamulo la maukwati la 2015 limalola khoti kuvomereza ukwati wongolowana ngati anthu akhala limodzi zaka zosachepera zisanu, poyang'ananso zinthu monga kudalirana pa chuma, kulera ana limodzi ndi mmene anthu owazungulira amawaonera. Khoti likavomereza, wotsalayo amawerengedwa ngati mkazi kapena mwamuna wa malemu. Ku South Africa, pa 31 December 2021, khoti pa mlandu wa Jane Bwanya linagamula kuti kusiya kunja munthu amene anali pa ubwenzi wokhazikika wothandizana ndi malemu n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ndiye zaka 6 za mayi uja, dziko lina n'zopanda kanthu, dziko lina zikumupatsa gawo.

Mwana Wachisamba
Apa ndiye pamene ine ndimatsutsana ndi malamulo atsopanowa. Chilichonse chimene bwenzi lapatsidwa chachoka kwa ana. Ana a mayi woyamba anali kale ndi bambo wogawana, lero agawanenso chuma ndi munthu amene bambo awo sanafune n'komwe kumukwatira. Ngati malemu amafuna kuti mayiyo adzalandire, bwenzi atamukwatira kapena kulemba wilu. Ndiponso gawo la mayiyo likadzachoka m'manja mwake lidzapita kwa mwana wake yekha, ana oyamba aja sadzaliona. Mapeto ake mwana wamng'ono walandira kawiri.

Mayi wa mapasa
Achimwene, mfundo yomalizayo ndi yoona ndipo sindiitsutsa. Koma zoti sanafune kumukwatira sitingazidziwe. Anthu amazengereza pa zifukwa zambiri, ndipo imfa ya dzidzidzi sifunsa. Munthu yemweyo sanalembenso wilu yoteteza ana ake, kodi tinene kuti sanawafune? Zaka 6 munthu akuphika, akudwazika, mwina akulipira nawo ngongole ya nyumba. Mwana wa zaka 15 uja akabwera kudzacheza amamulandira ndani?

Mlangizi wa mabanja
Nonse awiri mukunena zoona, koma pali chinthu chimene chingachepetse mkanganowu. Tisiyanitse zimene mayiyo angalandire kuchokera kwa malemu ndi zimene zili zake kale. Firiji imene anagula ndi malipiro ake si chuma cha masiye. Ngati anaika ndalama zake pomanga kapena kulipira ngongole ya nyumba ndipo ali ndi umboni, malo ambiri khoti likhoza kumupatsa gawo lolingana ndi zimene anaikamo, ngakhale dzina lake palibe pa mapepala. Pamenepo sakulanda ana, akutenga thukuta lake. Zikachotsedwa zake, chotsalacho ndicho chogawa.

Kwa ena amene munagula nyumba m'mayina awiri, kaoneni mmene munalembetsera. M'mayiko otsata malamulo ochokera ku England muli njira ziwiri. Ina, mmodzi akamwalira nyumba yonse imapita kwa wotsalayo pompo, osadutsa mu wilu, ndipo ana a malemu sapezapo kanthu. Inayo, aliyense ali ndi gawo lake, ndipo gawo la malemu limapita kwa ana ake. Anthu ambiri amasaina osafunsa kuti asankha iti, ndipo kholo limene lili ndi ana a kwina liyenera kufunsa.

Wodutsa
Nonse mukukamba ngati womwalira amakhala bambo nthawi zonse. Mnzanga anamwalira kusiya ana awiri amene bambo awo anasowa kalekale. Amakhala ndi mwamuna wina osakwatirana, nyumba inali ya mnzangayo. Mwamunayo anawo amawakonda ndipo ndiye akuwalera mpaka pano. Nayenso ali ndi mwana wake amene mnzanga amamulera ngati wake. Apa zikhala bwanji?

Wophunzira Malamulo
Achemwali, lamulo silisintha chifukwa womwalira ndi mayi, ndipo kwa anawo n'kosavuta chifukwa umboni woti ndi amayi awo ulipo kale. Nyumba ndi ya ana awiriwo, kupatula gawo limene lamulo la dzikolo lingapatse mwamunayo. Mwana wopeza ndiye ali pamavuto. Malo ambiri salandira kanthu popanda wilu, pokhapokha ngati malemu anamutenga kudzera kukhoti kukhala mwana wake. Chimene angathe ndi kupempha ngati munthu amene amadalira malemu, kumene lamulo limalola zimenezo.

Chinanso, mwamunayo kulera anawo sikumupatsa mphamvu ya kholo pamaso pa lamulo. Bambo wowabereka atatulukira mawa, malo ambiri ndiye amayamba kuganiziridwa, ndipo ena amatulukiradi akamva kuti ana ali ndi nyumba. Ngati anawo ali bwino pamene alipo, mwamunayo pamodzi ndi abale a malemu apite kukhoti akapemphe kuti aikidwe kukhala wowalera movomerezeka. Khoti limayang'ana chimene chili chokomera mwana.

Mphunzitsi Wopuma
Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Bambo ameneyo akuchita zimenezo, ndipo abale a malemu amuthandize kupeza mapepala m'malo momuyang'ana ndi diso lokayika. Koma ndibwerere pa nyumba ya azakhali aja. Ana atatu, nyumba imodzi. Wa zaka 20 akufuna ndalama za koleji lero, wa zaka zitatu akufuna denga kwa zaka 15 zikubwerazi. Mugawa bwanji osapweteka wina?

Mlangizi wa mabanja
Bambo, limeneli ndiye funso lovuta kuposa onse, ndipo lamulo lokha silingalimalize. Choyamba, ngongole za malemu ndi zolipira pa maliro zimachotsedwa chuma chisanagawidwe. Ana salipira ngongole za kholo kuchokera m'thumba mwawo, koma ngati nyumba inali chikole ku banki, ngongoleyo imatsala pa nyumbayo. Kafunseni ngati inali ndi inshulansi yoifafaniza mwini akamwalira, chifukwa ngongole zambiri za nyumba zimakhala nayo.

Zikatha izo, mabanja amene ndawaona akutuluka bwino anachita chimodzi mwa izi. Ena anawerengera mtengo wa zonse, ana aakulu n'kutenga galimoto, ndalama za kubanki ndi gawo lalikulu la penshoni, wamng'ono n'kutsala ndi gawo lalikulu la nyumba. Ena analemba nyumba m'mayina a ana onse, mayi n'kuloledwa kukhalamo mpaka mwana wake atakula, akulipira kangachepe mwezi ndi mwezi kopita kusukulu ya ana enawo. Kugulitsa n'kugawana ndalama kumaoneka kwachilungamo, koma ndalama ya mwana wa zaka zitatu ikangokhala m'banki zaka 15 imatha mphamvu, pomwe nyumba imasunga mtengo wake. Chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe ndipo khoti lichivomereze, chifukwa wina mwa eni ake ndi mwana amene sangadzilankhulire.

Mwana Wachisamba
Njira yachiwiriyo ndingaivomere pokhapokha zitalembedwa kuti mayiyo sangagulitse, sangaikire chikole, ndipo akapeza banja lina nkhani ikambidwenso. Ndipo ndalama za ana osakwana zaka 18 zisasungidwe ndi munthu mmodzi, kaya ndi mayi, kaya ndi agogo, kaya ndi azakhali amene.

Wophunzira Malamulo
Pamenepo malamulo ena ali kumbali yanu, achimwene. Ku England, ngati mmodzi mwa olandira ndi mwana wosakwana zaka 18, kawirikawiri pamafunika oyang'anira awiri, ndipo gawo la mwanayo limasungidwa mpaka atakwanitsa zakazo, ngakhale amaloledwa kutapamo za sukulu ndi zomusamalira. Ku South Africa ndalama za mwana wotere zimapita ku Guardian's Fund, thumba la boma, ndipo womulera amapempha pang'onopang'ono poonetsa zimene zikufunika. Pa nkhani ya azakhali, mwana wa zaka 20 ndi munthu wamkulu, angathe kukhala mmodzi mwa oyang'anira, winayo n'kuchokera mbali ya mwana wamng'ono. Aliyense amaona zimene mnzake akuchita.

Bambo wa ana anayi
Nkhaniyi yandipatsa maganizo pa za ine mwini. Ana anga ndi a amayi awiri. Ndikalemba wilu, ndingagawe mmene ndikufunira? Ndipo ndingaike mayi amene ndikukhala naye?

Wophunzira Malamulo
Mungamuike bambo, ndipo kumene lamulo silimuwerengera, wilu ndiyo njira yokhayo yomutetezera. Koma kumana ana si kophweka. Ku France lamulo limawasungira gawo limene kholo silingakhudze: theka la chuma ngati mwana ndi mmodzi, magawo awiri mwa atatu ngati ali awiri, atatu mwa anayi ngati ali atatu kapena kuposa. Ku England muli ndi ufulu wolemba mmene mukufunira, koma mwana womanidwa akhoza kukadandaula kukhoti. Ku Malawinso khoti lingasinthe wilu imene yasiya ana pa mavuto.

Polemba, tchulani mwana aliyense ndi dzina lake, kuti pasadzakhale wofunsidwa umboni. Mayiko ambiri amafuna mboni ziwiri zoona mukusaina, ndipo mbonizo zisakhale anthu olandira nawo, chifukwa malo ngati England mboni yotere imataya gawo lake. Tchulaninso amene adzalere ana aang'ono ndi amene adzasunge ndalama zawo. Ndi bwino akhale anthu osiyana.

Mtsikana wa Chitatu
Funso langa lomaliza. Nanga bambo akamwalira bwenzi lake lili ndi pakati? Mwanayo sanabadwe, alibe dzina, alibe satifiketi.

Mlangizi wa mabanja
Amawerengedwa, achemwali. Ndi mfundo yakale kwambiri ya malamulo kuti mwana amene ali m'mimba tsiku limene kholo lamwalira amatengedwa ngati wabadwa kale pa nkhani ya chuma, bola adzabadwe wamoyo. Lamulo la ku Malawi la 2011 linachita kumutchula mwana wotereyu pofotokoza amene ali ana a malemu. Mayiyo adziwitse woyang'anira chuma ndi a penshoni mwa kalata, aphatikizepo umboni wa kuchipatala wosonyeza miyezi ya pakatipo, ndipo apemphe kuti kugawa kudikire mpaka atachira. Ngati akuona kuti abale adzakana, apemphe khoti msanga kuti chipatala chisataye magazi a malemu amene chingakhale nawo, chifukwa zipatala sizisunga zinthu zotere nthawi yaitali.